A Nampuluma ndi Mawu Obwereka

Uthenga wa imfa ya a Nampuluma unatipeza pa foni. Wina analemba pagulu la mpingo kuti agogo atisiya m'bandakucha, maliro ndi mawa, ndipo pansi pake anthu anayamba kuika tizithunzi ta manja opemphera. Ndinawerenga ndili pa makina anga osokera ku Luchenza. Chimene chinayamba kundifikira si chisoni ayi, koma kudabwa kuti zoona munthu ameneyu wapita mwakachetechete chonchi. Chiyambire ine kukhala ndi nzeru, kumudzi kwathu kuseri kwa minda ya tiyi munthu sankafa mpaka a Nampuluma atanena kuti wafa. Iwo ndiwo ankalawira n'kuyenda njira zonse akulengeza maliro, koma tsiku lawo litafika panalibe woti awalengezere.

Pasiwa ndinakakhala kumbuyo kwenikweni kwa amayi a mpingo, poganiza kuti palibe andione. Koma Esinati, mwana wamkazi wa a Nampuluma amene ankawasamalira, anandiona. Nyimbo itadukiza anasendera pafupi nane n'kundigwira dzanja.

"Achemwali a Feliya, paja inu munali nawo pa za kanema zija. Mawu a bambo muli nawo?"

"Kanemayo alipo ndithu," ndinatero, maso ali pa mphasa.

"Kanemayo ndikumudziwa, inenso ndinaonera. Ine ndikunena mawu awo enieni. Olo pang'ono pokha, olo akungotsokomola. M'nyumba muno mulibe kalikonse kamene kali ndi mawu awo."

Ndinamuuza kuti ndifufuza. Ndinanena ngati nkhani yaing'ono, ngati wandipempha singano. Esinati ankadziwa, inenso ndinkadziwa, ndipo theka la anthu amene anali pasiwapo ankadziwa chimene ife a kanema tinachita ndi mawu a bambo ake.

Amene sanawamvepo a Nampuluma n'kovuta kuwafotokozera. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa miyendo yamatewe, woti ukakumana naye panjira ungaganize kuti mphepo ya chiperoni imunyamula. Koma akatsegula pakamwa unkacheuka kufuna kuona ngati kumbuyo kwawo kwaima munthu wina wamkulu. Mawu awo ankachoka patsidya lino n'kuwoloka chigwa chonse cha tiyi mpaka ku malayini a antchito, osasweka panjira. Ntchito pa esiteti anayamba ali mnyamata, kutchola tiyi ngati wina aliyense, mpaka anawaika pa sikelo kuti aziitana otchola, chifukwa kapitawo wa nthawiyo anali ndi mawu ngati a nkhuku yachitopa. Atatopa nazo za pa sikelo anapita kodulira tiyi, ndipo kumeneko ndi kumene anapumira ntchito. Mpeni wawo wodulira sanabweze. Ankati esiteti inawadya msana, ndiye mpeni umodzi si nkhani yoti munthu n'kukhalira bwalo.

Tiyi sankamwa. Moyo wawo wonse anathera m'tiyi, koma m'mawa ankamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu. Ukawafunsa ankayankha kuti munthu wokumba zimbudzi sasowa chochita mpaka kukadyera komweko. Majombo sankavula, kaya ndi kumunda, kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi ku ukwati, kusiyana kwake kunali kwakuti popita kutchalitchi ankawatsuka. Munthu wowadutsa osapereka moni ankamuitana kuti abwerere, ngakhale akhale pa njinga yamoto, ndipo akabwerera sankamukalipira. Ankangomufunsa za amayi ake, za agogo ake, za mbuzi zakwawo, mpaka munthuyo ataphunzira kuti moni wachidule ndi wotchipa kusiyana ndi moni wa a Nampuluma.

Pa za maliro anali ndi malamulo awoawo. Sankalengeza za kumva. Ankayamba apita okha kunyumba ya malemu, kukaona nkhope za eni ake, kenako n'kuyamba ulendo. Ndiponso sankatchula dzina la ubatizo lokha. Ankati munthu ali ndi dzina limene anam'patsa abusa ndi dzina limene anam'patsa amayi ake, ndipo ukasiya lachiwirili ndiye kuti walengeza theka la maliro. Mayina achilomwe amenewo ambiri a ife tinkawamva koyamba pakamwa pawo, mwini wake atafa kale. Umamva kuti mayi amene wakhala ukuwatcha Agnesi moyo wako wonse anali ndi dzina lina lalitali, limene ngakhale ana awo sankatha kulitchula.

Chaka china mpingo unagula chimkuzamawu cha mabatire, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti agogo apume, mlembi wa mpingo ndiye azilengeza. A Nampuluma sanatsutse. Anangonena kuti chinthu chodya mabatire chimafa nthawi imene chafuna. Maliro oyamba zinayenda. Achiwiri, mlembi atafika pakati pa dzina, chimkuzamawu chinazima. Anthu anangomva kuti "amayi a Nachi," basi. M'mudzi mwathu a Nachi-uje alipo angapo, ndiye gulu la amayi linakafika likulira pakhomo pa mayi wamoyo, amene anali pakhonde akusenda chinangwa. Mayiyo sanalankhule ndi mlembi mpaka chaka chinatha. Akuluakulu anapita kwa a Nampuluma atanyamula tambala. Iwo anawasiya ayime padzuwa kwa kanthawi, kenako anati tambalayo ndi wowonda koma alandira.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchizungulira. A Nampuluma ankalankhula Chichewa cha Mlomwe wakale. Pamene ife timati bambo, iwo ankati pampo. Kudula kunali kutula, ndipo kugula kunali kukula. Sindilemba mawu awo motero m'nkhani ino kupatula pamene sindingachitire mwina, chifukwa tinawaseka kokwanira ali moyo. Chochititsa manyazi n'chakuti tonse amene tinkasekafe agogo athu ankalankhula chimodzimodzi. Makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambique ndi lilime lomwelo. Ife tinalisiya kusukulu, kumene mwana akati "ntapwera" kalasi yonse inkagwa ndi phwete, ndipo tinakula tikuganiza kuti kulisiyako ndiye kuchangamuka.

Za kanema anabwera nazo ndi Limbani, mwana wa kalaliki wa pa esiteti, amene anaphunzira ku Blantyre n'kubwerako ndi kamera yobwereka kwa mnzake wojambula maukwati. Anali ndi nkhani yaifupi imene analemba yekha, ya mkulu wina wokhala pa kamunda kakang'ono kothinana ndi tiyi wa esiteti, amene mwana wake akumukakamiza kuti agulitse malowo asamukire m'tauni. Ankafuna kukatumiza ku mpikisano wina wa mumzinda. Cholipira anthu analibe, ndipo ananeneratu poyera. Tinadzipereka tokha achinyamata a mpingo, ena chifukwa chokonda, ena chifukwa chosowa chochita. Dalitso wa kabaza anatenga mbali ya mwana uja, komanso njinga yake ndiyo inali galimoto ya kampani. Ine, chifukwa cha kutalika kwangaku, anandipatsa nsungwi yaitali imene kunsonga kwake tinamangirira maikolofoni ndi mphira, kuti ndiziigwira pamwamba pa olankhula. Mpaka lero kumudzi ena amanditcha Nansungwi, ndipo dzinalo anandipatsa ndi a Nampuluma.

Kuti avomere kusewera mbali ya mkuluyo sizinavute monga tinkaopera. Anafunsa ngati m'kanemamo afa. Limbani atati ayi, anati zili bwino, chifukwa iwo kugona m'bokosi ali moyo sangayerekeze, imfa siyesedwa ngati malaya. Anafunsanso kuti munda wojambulirawo ndi wa yani. Atamva kuti tikufuna kupempha wa munthu wina, anakana. Anati ngati n'kukanira malo, akanira pa malo awo, pamene pali mitengo imene akuidziwa. Motero tinajambulira pa kamunda kawo komwe, kamene tiyi wa esiteti anakazinga mbali zitatu.

Kugwira nawo ntchito kunali kulimbana tsiku ndi tsiku. Limbani akati abwereze mawu, iwo ankafunsa ngati poyamba paja ananama. Ankati munthu wobwerezabwereza nkhani ndi amene akuikonza. Akawauza kuti angoyerekeza kulima, ankalima zenizeni, ndipo Limbani akakuwa kuti "kati!" kutanthauza kuti asiye, iwo ankapitiriza mpaka mzere uthe, ati khasu silisiyidwa pakati pa mzere chifukwa cha mwana wa kalaliki. Pepala la mawu sanalifune n'komwe. Esinati ankawawerengera kamodzi, iwo n'kugwedeza mutu, n'kukanena zomwezo m'njira yawo, ndipo nthawi zambiri njira yawoyo inkaposa ya papepala. Tsiku lina batire la kamera linatha dzuwa lili bwino, ndipo Dalitso anapalasa mpaka ku Luchenza kukatchaja. Pobwera anatipeza tonse, ndi dayilekita Limbani yemwe, a Nampuluma atatigawira makasu.

Komanso ndi iwo amene ankatidyetsa. Palibe anawapempha. Tsiku loyamba anaona tikugawana mabanzi awiri anthu tonse aja. Kuyambira mawa lake, dzuwa likafika pamutu Esinati ankatulukira ndi beseni la makaka, chinangwa chouma chija, ophika ndi nandolo, nthawi zina ndi mapeyala. Limbani atayesa kuthokoza ndi mawu ambiri, anamudula. Anati aganyu osalipidwa ndi oopsa, akakomoka m'munda mwako mlandu ndi wako.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali lakumapeto kwa kujambula. Kunali kozizira, nkhungu itangochoka kumene. Inali mbali yaikulu ya kanema yense, pamene mwana akuuza bambo ake komaliza kuti wogula wapezeka. Dalitso ananena mawu ake bwinobwino.

"Bambo, tigulitse basi. Kamunda aka kakutipatsa chiyani? Tiyeni m'tauni."

A Nampuluma anayenera kuyankha kuti, "Malo ano sindinagule. Ndinabadwira pano." Anaimika khasu, namuyang'ana Dalitso m'maso, ndipo mawu aja anatuluka ndi mphamvu yonse.

"Malo ano sintinakule!"

Dalitso anayesa kudzigwira, masaya ake anafufuma, kenako anaphulika.

"Agogo, zaka zonsezi simunakule? Nanga mukula liti?"

Tonse tinafa nacho chiseko. Wogwira galasi lowunikira anakhala pansi. Ine nsungwi inagwedezeka m'manja mpaka maikolofoni inakagunda chipewa chawo. Limbani naye ankaseka, ngakhale kamera sanazimitse. A Nampuluma anangoima, manja ali pa mpini, kudikira ngati munthu wodikira mvula kuti ikate. Chiseko chitatha anafunsa mofatsa ngati tamaliza.

Ndiyeno, osauzidwa ndi munthu, anatembenukira ku tiyi uja n'kuyamba kulankhula Chilomwe. Sanakweze mawu monga ankachitira polengeza maliro. Analankhula motsitsa, nthawi yaitali, dzanja limodzi likuloza kutsidya kwa chigwa, kenako pansi pamene anaima, kenako mtengo wa mango umene unali kumalire. Ine ndinali pafupi kuposa wina aliyense, nsungwi ili pamwamba pa mutu wawo, ndipo ndinatolapo mawu owerengeka okha amene ndinkawamva kwa agogo anga: mayi, mtsinje, njala. Pena anatchula mayina a anthu motsatizana. Pena mawu anawathera, nameza malovu, n'kupitiriza. Palibe anakuwa kuti "kati." Atamaliza anatola khasu lawo n'kumapita kunyumba, ndipo tsiku limenelo Esinati anabwera yekha ndi beseni.

Tonse tinadziwa kuti chimene tajambulacho ndicho mtima wa kanema yense. Limbani pobwerera ankangoti, "Magaye, mwaona? Mwaona zimene zija?" N'chifukwa chake zimene tinachita pambuyo pake zilibe pobisalira. Sitinganene kuti sitinadziwe.

Tinakumana m'kachipinda ka Limbani ku Luchenza kuti tione zimene walumikiza pa laputopu. Zithunzi zinali zokongola moti sitinakhulupirire kuti ndi kwathu. Koma atafika pa "sintinakule," wina anasekanso, ndipo Limbani anaimitsa.

"Mwaonatu. Ifeyo tikuseka, ndiye majaji a m'tauni akatani? Iyi si komedi, magaye. Akangomva 'pampo, pampo' basi tapita. Komanso Chilomwe chija ndani akachimve? Olo ife sitikuchimva."

"Ndiye titani, aise?" anafunsa Dalitso.

"Tipeze munthu wa Chichewa chakilini alankhule m'malo mwawo. Amatero anzathu kunjaku. Agogo tikawauza kuti mphepo inaononga saundi."

Mphepo inalipodi, koma malo awiri kapena atatu okha. Palibe ananena kuti tipite kwa a Nampuluma tikawafunse zimene ananena m'Chilomwe muja, tilembe m'munsi mwa chithunzi. Kuchoka pamene tinakhalapo kukafika kwawo ndi ulendo woti Dalitso amapalasa kangapo pa tsiku. Tonse tinavomera, ndi ine ndemwe, ndipo tinatuluka m'chipindamo tikudziona ngati anthu odziwa ntchito.

Munthu wa Chichewa chakiliniyo anapezeka. Anali a Phiri, mphunzitsi wa pa pulayimale yakwathu, wochokera kuchigawo chapakati, munthu wabwino amene mawu ake anali osalala ngati a wowerenga nkhani pa wailesi. Tinawafunditsa mabulangete awiri masana dzuwa likuswa mtengo kuti phokoso la minibasi lisalowe, ndipo anawerenga mawu onse a mkulu uja akutuluka thukuta. Pa gawo la Chilomwe, Limbani analemba mawu ake oti akwanire kutalika kwa kuyenda kwa milomo. Ndikuwakumbukira chifukwa ndinawamva kambirimbiri. Ankati nthaka ndi chuma chathu, tiyeni tiisamale kuti mibadwo yam'tsogolo idzapindule.

Kanemayo tinakaonetsa koyamba kwathu, mu holo ya tchalitchi, Loweruka masana. Mawindo tinatseka ndi zitenje zimene ndinalumikiza ndekha, jenereta tinabwereka kwa wachigayo. Anthu anadzaza mpaka ena anakwera pa mawindo kunja n'kumasuzumira m'mipata. A Nampuluma anafika atavala jekete, majombo atatsuka, nakhala kutsogolo pambali pa Esinati. Za mphepo zija palibe anali atawauza. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wanena.

Nkhope yawo itaoneka pa nsalu yoonetserapo kanema, holo yonse inaphulika ndi nthungululu. Iwo sanatembenuke, koma ndinaona mapewa awo akukwera pang'ono. Kenako munthu wa pa nsaluyo anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka a Phiri.

Ndiye kamwana kena kumbuyo kanakuwa kuti, "Amenewo ndi aphunzitsi!" Ana onse a sukulu anagwa ndi chiseko, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankawaphunzitsa masamu tsiku lililonse. Mayi wina wachikulire anafunsa mokweza ngati a Nampuluma alowedwa mizimu. Ife tinaopa kusekedwa ndi anthu a m'tauni amene sitinawaonepo, n'kuiwala kuti m'mudzi muno mulibe khutu limene silidziwa mawu a anthu awiri onsewa. Nthawi iliyonse mkulu wa pa nsalu akalankhula, chiseko chinkayambiranso. A Phiri, amene anakhala pakati pa anthu, anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda benchi yakutsogolo.

Koma litafika gawo lija la ku tiyi, chiseko chinazilala chokha. Pa nsalu panali a Nampuluma, maso ali jenjenje, dzanja likuloza kutsidya, milomo ikutchula mayina a anthu awo. M'sipika munkatuluka kuti nthaka ndi chuma chathu, tiyeni tiisamale. Achikulire amene anali m'holomo ankaona milomoyo ndipo ankadziwa kuti si zimene ikunena.

A Nampuluma anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali sipika, mthunzi wawo ukuphimba nkhope yawo yomwe pa nsalu. Anaiyang'ana sipikayo kutsogolo, naisuzumira kumbuyo. Limbani anaimitsa kanema. Ife a gulu lojambula tinali titaima m'mbali mwa khoma, pamene tinakonzeka kuti atiombere m'manja pomaliza. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, dzanja lili pa sipika, ndipo anafunsa ndi mawu awo aja, amene sanafune jenereta.

"Ana inu. Munakula kuti?"

Palibe anaseka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankafunsa kumene tinagula mawuwo, kapena kumene tinakulira ife. Ndikhulupirira kuti iwo ankadziwa bwino lomwe kuti pakamwa pawo mafunso awiriwa ndi amodzi, ndipo anatisiyira kuti tisankhe tokha. Anatenga chipewa chawo pa benchi n'kutuluka, Esinati ali pambuyo, ndipo achikulire ambiri anawatsatira. Otsalawo anaonera mpaka kumapeto, koma m'manja munaomba anthu ochepa.

Sanatikalipire, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso kwa wina aliyense amene ndikumudziwa. Chimene anachita n'chakuti kuyambira tsiku limenelo, ife a kanema ankatilankhula Chilomwe chokhachokha. Ena onse ankawalankhula Chichewa monga kale. Koma ukakhala Limbani, Dalitso kapena ine, ukakumana nawo panjira ankaima, n'kukupatsa moni wautali wa Chilomwe, mwaulemu wonse, n'kudikira yankho. Iwe unkangoima ngati chitsa, kumwetulira kopusa, anthu akudutsa. Akaona kuti zakukanika ankagwedeza mutu ngati dokotala amene waona matenda osachizika, n'kumapita. Dalitso anafika pomazungulira njira yakumanda ndi kasitomala pa njinga pongofuna kuwapewa. Ine ndinapita kwa azakhali anga kukaphunzira kuyankha moni. Tsiku limene ndinawayankha bwino, anandiyang'ana, nawonjezera funso lina lalitali, ndipo ndinagweranso pomwepo. Ndikuganiza kuti pamenepo ndinaona kakumwetulira, koma mwina ndimangodzitonthoza.

Ku mpikisano kuja sikunabwere yankho lililonse. Limbani analonjeza kuti abwezeretsa mawu enieni, tidzaonetsenso. Ankanena zoona, ndipo tonse tinkati tichita zimenezo mvula ikatha, kenako tikakolola, kenako Khirisimasi ikadutsa. Iye anapeza ntchito ku Lilongwe. Dalitso anakwatira. Ine ndinatsegula shopu. A Nampuluma anapitiriza kulengeza maliro, mawu akuwoloka chigwa monga kale, ndipo aliyense wa ife anali ndi foni m'thumba yoti akanatha kuwajambula tsiku lililonse. Timajambula makwaya, timajambula ana akuvina, timajambula ngakhale minibasi yagwera m'ngalande. Koma kuti upite kwa a Nampuluma ndi foni m'manja, n'kunena kuti agogo lankhulani ndikujambuleni, pambuyo pa zimene zija, panafunika nkhope imene palibe mwa ife anali nayo. Manyazi amene anatichititsa kuchotsa mawu awo ndi omwewonso anatiletsa kukawatenganso.

Kenako anadwala matenda oumitsa ziwalo, mbali imodzi inafooka, ndipo lilime linagwidwa. Zaka zawo zomaliza anakhala osalankhula. Ndinapitako kamodzi ndi shuga ndi sopo. Anandizindikira, nakweza dzanja lamoyolo m'mwamba ngati munthu wagwira nsungwi, ndipo mbali imodzi ya pakamwa pawo inaseka. Ndinakhala pang'ono n'kutsanzika msanga, chifukwa misozi inali pafupi.

Maliro atatha ndinachita zimene ndinalonjeza Esinati. Ndinaimbira Limbani. Anati laputopu ija inapsa kalekale, ndipo amene anaitenga kuti akonze anaiphwasula n'kugulitsa zipangizo. Memori khadi inabwerera ndi kamera kwa mwini wake sabata yomwe ija, ndipo anafufuta zonse n'kujambulirapo ukwati. Ndinamupeza mwini kamerayo, ndipo sankakumbuka n'komwe. Ndinafunsa Dalitso, ndinafunsa a kwaya, ndinafunsa mlembi wa mpingo, ndinafunsa ana a sukulu amene amajambula chilichonse. Munthu amene mawu ake anadzutsa mudzi wonse kwa zaka zosawerengeka, palibe ndi mmodzi yemwe anawasunga. Madzi akatayika saoleka. Chimene chinatsala ndi kanema yekhayo, wa mawu a a Phiri, amene Limbani ananditumizira pa foni ndi uthenga wakuti ndimupepesere kwa Esinati, iye sangathe.

Ndinapita kwawo kwa malemu Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi. Ndinamuuza Esinati zonse mmene zilili, osakometsera. Anamvetsera, nati ndimuikire kanemayo. Ali ndi kawailesi kakanema kakang'ono ka sola pa tebulo la pabalaza. Nditalumikiza, asanayambe n'komwe, anatenga rimoti n'kutsitsa mawu mpaka kuzimiratu.

Tinaonera chomwecho, tili pa mphasa. Pabalazapo pali mpando umodzi wokha, wa ndalema, umene nsalu yake inalowa pakati potengera thupi la mwini wake. Esinati sanausunthe pamene unkakhala, pafupi ndi khomo, pomwe munthu wokhalapo amaona njira yonse yotsikira kuchigwa. Palibe amakhalapo, ngakhale alendo, ndipo mphaka akakwerapo amamuthamangitsa. Pansi pake simenti inachita mabowo awiri osaya pamene zidendene zinkapondapo. Dzuwa la masana linkalowa pakhomo n'kugwera pa nsalu yopanda munthuyo.

Litafika gawo la ku tiyi, Esinati anasendera pafupi ndi galasi la kawailesiko mpaka mphuno inatsala pang'ono kuligunda. Chilomwe amachimva ndithu, koma cha m'makutu, osati cha pa milomo. Anabweza, naonanso. Anabwezanso.

"Apa ndaona, akuti amayi. Apa ngati akutchula dzina la agogo anga aakazi. Koma apa, apa pamene akuloza pansipa." Anatembenukira kwa ine. "Achemwali, inu munali pafupi. Ndinu munagwira nsungwi. Ankati chiyani?"

Ndinamuuza kuti sindinamve.

Anabwezanso kanemayo n'kuika manja pa mawondo. Kunja thirakitala ya esiteti inkadutsa ndi masamba opita ku fakitale, ndipo itapita m'nyumbamo munalibe phokoso lina lililonse. Pa galasi bambo ake analoza kutsidya, analoza pansi, nameza malovu, n'kupitiriza kulankhula.